Mkonzi Akakubwezerani Nkhani Yanu: Zoyenera Kuchita Gulu Lisanaitulutse

Magulu ambiri kuno ku Nkhotakota akulemba nkhani zawozawo masiku ano. Makalabu omvera wailesi amakonza nkhani zoti zikamveke pa Nkhotakota Community Radio, achinyamata amakhoma kanyuzipepala ka masamba awiri pabolodi la kusukulu, mipingo ndi mizikiti ili ndi makalata ake, ndipo makomiti a m'madoko nawonso amafuna kuti za kunyanja zimveke kumtunda. Kulikonseko nkhani situluka isanadutse m'manja mwa wina. Kaya ndi mphunzitsi wopuma ntchito amene gulu linamusankha kukhala mkonzi, kaya ndi kakomiti ka anthu atatu, alipo amene amaiwerenga n'kunena kuti apa konzani, apa chotsani, izi mwazitenga kuti.

Olemba atsopano ambiri amathera pomwepa. Wina amapsa mtima n'kusiya kubwera kumisonkhano. Wina amangoti "chabwino, chabwino" pa chilichonse, nkhani n'kutuluka yosalala koma mwini wake osaizindikiranso. Onse awiriwa amatenga ndemanga za mkonzi ngati chinthu chimodzi choti uvomere chonse kapena ukane chonse, pomwe ndemanga zimasiyana. Zina n'zoti muzilandire osatsutsa, zina n'zokambirana, ndipo zochepa n'zoti muzikane ndithu. Luso lagona pozisiyanitsa, ndipo ntchitoyo imayamba nkhani ikadali m'manja mwanu.

Musanaipereke

Funsani mlembi kapena wapampando wa gulu kuti adzawerenge nkhaniyo ndani, ali ndi mawu omaliza ndani, ndipo ikufunika liti. La mawu omalizalo musalidumphe. M'magulu ambiri aliyense amadziona ngati mkonzi, ndiye mukapanda kudziwa wogamula mudzapezeka mukukonza nkhani kasanu pofuna kusangalatsa anthu asanu amene sakugwirizana. Funsaninso kutalika kwake. Ngati tsamba limalowa mawu 400, inu n'kubwera ndi 1,200, musadabwe ikadulidwa.

Ngati mwalemba pamanja, dumphani mzere ndi kusiya mpata m'mbali kuti wowerenga apeze polemba. Ikani nambala pandime iliyonse, kuti pokambirana pafoni mungoti "ndime 4" m'malo mosakasaka. Jambulani masamba onse ndi foni kapena pangitsani fotokope. Mapepala amanyowa pakabaza, amasowa m'zikwama, ndipo pambuyo pake mudzafuna kuyerekeza zimene munalemba ndi zimene zasinthidwa.

Phatikizaninso kapepala kena ka mkonzi yekha, kosasindikiza, kokhala ndi mayina a anthu amene mwalankhula nawo, tsiku, malo, ndi kumene mwatenga nambala iliyonse ili m'nkhanimo. Ndipo perekani nthawi ikadalipo. Nkhani yofika usiku woti mawa akusindikiza imatayidwa, apo ayi imadulidwa mothamanga popanda wokufunsani.

Ikabwerako

Werengani ndemanga zonse mpaka kumapeto musanagwire cholembera, kenako ikani pepalalo pansi. Ngati nthawi ikulola, musayankhe tsiku lomwelo. Inki yofiira imawawa tsiku loyamba, makamaka ikadutsa pachiganizo chimene munachikonda, koma kukacha mumaona kuti zambiri mwa izo n'zazing'ono, zotheka tiyi asanazizire.

Povuta m'pamene ndemanga zikuperekedwa pakamwa, pamsonkhano, maso onse ali pa inu. Pitani ndi kope. Lembani chilichonse chanenedwa ndi dzina la wonena. Kulembako kumathandiza kuti musaiwale, komanso kuti pakamwa pakhale potseka pamene mtima ukufuna kudzitchinjiriza. Musadule munthu mawu. Akamaliza, funsani mafunso ofuna kumvetsa okha. Mkonzi akati ndime inayake sikumveka, musayambe kulongosola zimene mumatanthauza, chifukwa wowerenga wa ku Mwansambo kapena ku Dwambazi simudzakhala naye pafupi kuti mumulongosolere. Funsani chonchi: "Aphunzitsi, mwasokonezeka pati kwenikweni? Pamene ndatchula ndalamapo, kapena pamene ndalowetsa amfumu?" Mawu oti "yakoma" kapena "ikusowa kenakake" sakupatsani chogwira, choncho pemphani mwaulemu kuti akulozereni mzere wake.

Thokozaninso, ngakhale mtima uli m'mwamba. Wakutsina khutu ndi mnansi. Akonzi ambiri a m'magulu athu salandira kanthu, ndipo nkhani yanu aiwerenga ndi tochi atachoka kudimba.

Gawani ndemangazo patatu

Tengani pepala lina, muligawe zigawo zitatu: za zoona, za anthu, za kalembedwe. Ndemanga iliyonse muiike m'chigawo chake musanayambe kukonza kalikonse.

Za zoona zilibe mtsutso. Tiyerekeze mwalemba za alimi oyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota amene njovu zawadyera chinangwa, ndipo mwati njovuzo zinachokera ku Kasungu mu 2022. Mkonzi walemba m'mbali kuti "fufuzaninso". Wakuthandizani. Njovu pafupifupi 500 zimene zinasamutsidwira kuno zinachokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi boma mu 2015. Za 2022 ndi zina: chaka chimenecho njovu zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Cholakwa chotere chimaoneka chaching'ono, koma wodziwa akangochiona amasiya kukhulupirira zonse zotsala, ndipo amene waluza ndi mlimi uja, chifukwa dandaulo lake lenileni lataya mphamvu.

Mayina ndi maudindo n'chimodzimodzi. Nyakwawa si gulupu, gulupu si mfumu yaikulu, ndipo mafumu amakwezedwa, kotero udindo umene munaudziwa kale mwina si wa lero. Mukamalemba za m'dera la Malengachanzi, Kanyenda kapena Mwadzama, funsani mlembi wa mfumu kuti udindo woyenera ndi uti. Dzina la munthu wamba mufunseni mwini wake kuti limalembedwa bwanji, alembe yekha m'kope mwanu ngati n'kotheka.

Manambala ndiye amafuna maso kwambiri. Mukalemba kuti usipa wakwera mtengo n'kutchula ndalama, mkonzi wabwino adzafunsa kuti padoko liti, tsiku liti, muyeso wanji, wauwisi kapena wapathandala. Aliyense wa kunyanja akudziwa kuti mwera ukakunda masiku angapo, kapena mwezi ukawala kwambiri moti nyali za asodzi sizikoka nsomba, mtengo umalumpha, ndipo mdima ukabwerera umatsika. Mtengo wa ku Chia lero si wa kuboma mawa. Nambala yopanda tsiku ndi malo ndi mphekesera chabe. Chimodzimodzinso mawu oti "anthu ambiri akudandaula": angati, ndipo inu mwalankhula ndi angati? Ngati ndi anayi, lembani kuti anayi.

Chigawo cha anthu ndicho ndikufuna muchitenge mwachifatse kuposa zonse. Mtolankhani wochokera ku Lilongwe amabwera m'mawa, madzulo wakwera basi wabwerera. Inu anthu amene mwawatchula mudzakumana nawo kuchigayo, kumaliro, kutchalitchi, kumzikiti Lachisanu. Komanso nkhaniyo ikutuluka m'dzina la gulu, ndiye zikavuta oitanidwa kubwalo la amfumu kapena kukhoti simukhala inu nokha. Mkonzi akamaumirira pa chigawo ichi, sikuti ndi wamantha. Akuteteza inu, gulu, ndi munthu amene mwina mukumunamizira osadziwa.

Tinene kuti mwalemba kuti msungichuma wa komiti ya padoko wadya ndalama za chindapusa. Mafunso a mkonzi adzakhala awiri: umboni uli kuti, ndipo mwiniyo mwamufunsa? Ngati chimene muli nacho ndi zoti mamembala atatu akuti sanaonetsedwe buku la ndalama kuyambira chaka chatha, lembani zimenezo basi, chifukwa ndizo mukuzidziwa. "Wadya" ndi chigamulo, ndipo inu si khoti. Munthu woipitsiridwa mbiri akhoza kusuma n'kufuna chipukuta misozi. Ndondomeko ya atolankhani imene bungwe la Media Council of Malawi limayang'anira imafunanso kuti woimbidwa mlandu apatsidwe mpata woyankha, ndipo gulu la kumudzi silili pamwamba pa mfundo imeneyi chifukwa choti kanyuzipepala kake n'kakang'ono.

Pali zina zimene mkonzi akati chotsani, chotsani nthawi yomweyo. Dzina, chithunzi, sukulu kapena mudzi wa mwana amene wachitiridwa nkhanza kapena ali pamlandu zisatuluke. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo lamulo loteteza ana la 2010 limaletsa kufalitsa zimene zingaulule mwana amene nkhani yake ili kukhoti. Kumbukirani kuti kumudzi kuchotsa dzina lokha sikukwanira: mukati "mdzukulu wa mlonda wa pasukulu yakuti", mwamutchula kale. Kuulula kuti wina ali ndi kachilombo ka HIV iye asanalole n'koletsedwa ndi lamulo la 2018. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la 1911, ndipo tonse tamvapo za agogo amene anamenyedwa kapena kuphedwa kumene chifukwa cha mawu otere. Ngakhale mutati "anthu akuti", mwafalitsa ndinu.

Chigawo chachitatu, cha kalembedwe, ndicho chili ndi malo okambirana. Za kalembedwe ka mawu ingolandirani. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa a 1990 alipo, ndipo akonzi ambiri amatsata omwewo: timalemba "kumsika" mophatikiza koma "ku Dwangwa" motalikitsa, timalemba "r" pambuyo pa "i" ndi "e" monga mu "mbiri" ndi "bwera". Palibe chotayira nthawi apa. Landiraninso akakuuzani kuti nkhani yanu yayambira pandime yachinayi. Ambiri timayamba ndi malonje, mbiri ya gulu ndi kuthokoza alendo olemekezeka, pomwe wowerenga akufuna kudziwa msanga kuti mlatho wakokoloka ndipo ana sakuwoloka kupita kusukulu. Koma mkonzi akafuna kuchotsa mawu a kwanu, monga kondowole, chilimira kapena siginala, n'kuikapo ena osakoma ati kuti aliyense amve, mukhoza kupempha kuti akhale, muwonjezere mawu awiri atatu ofotokoza. Ndipo mawu amene munthu analankhula, amene mwawaika m'mitengero, asakongoletsedwe ndi wina aliyense. Akhoza kufupikitsidwa, koma mayi wogulitsa nsomba asamveke ngati akuwerenga lipoti la kuofesi.

Bwererani kwa anthu

Ndemanga za zoona ndi za anthu sizikonzedwa mutakhala pampando. Zimafuna miyendo ndi mayunitsi. Lembani mafunso amene atsala ndi woyenera kuyankha lililonse, kenako nyamukani.

Kwa munthu amene nkhani ikumukhudza, pitani masana, ndipo ndi bwino kutengana ndi mnzanu mmodzi wa m'gulu. Nenani zoona kuyambira pachiyambi: "Bambo, tikulemba nkhani ya ndalama za komiti. Mamembala ena akuti sanaone buku kuyambira chaka chatha. Tisanatulutse tafuna timve mbali yanu." Lembani yankho lake monga walinenera, mumuwerengere kuti avomereze kuti ndi mawu ake. Kumuwerengera mawu ake si kumupatsa nkhani yonse kuti aikonze, ndipo akapempha zimenezo muuzeni kuti gulu silitero. Akakana kulankhula, lembani m'nkhanimo kuti munamufunsa tsiku lakuti ndipo sanafune kuyankhapo. Nthawi zina mudzabwerako nkhani itasintha, mwina buku lilipo ndipo vuto ndi loti komiti sinakumane. Imeneyonso ndi nkhani, ndipo ndi yoona.

Ngati chikusowa ndi nambala ya kuofesi ya boma, monga ndalama zimene zinaperekedwa pomanga chipinda cha sukulu, lembani kalata yopempha ndipo musunge ina yofanana nayo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo si la atolankhani okha. Yankho likachedwa, uzani mkonzi kuti asankhe kudikira kapena kutulutsa nkhaniyo popanda nambalayo. Musaike yongoganizira.

Pamene muyenera kukana

Akonzi nawonso ndi anthu a m'mudzi momwemo. Zimachitika kuti amene mwamulemba ndi mlamu wa wapampando, kapena bungwe limene mwalidzudzula ndi lomwe linagulira gulu makina osindikizira. Ndemanga yotere imazindikirika: sinena kuti mfundo yanu ndi yabodza, imangoti "izi zisiyeni, zingatiyambanitse ndi anthu".

Musayankhe mokalipa, ndipo musanene mkonzi pagulu kuti walandira kanthu. Mupezeni payekha mufunse: "Mayi, ndime 6 mwati ichoke. Kodi muli cholakwika, kapena ndi kaneneredwe?" Ngati ndi kaneneredwe, fewetsani mawu koma mfundo ikhale. "Alephera" akhoza kukhala "sanamalize pofika tsiku limene analonjeza", ndipo kunena zoona mawu achiwiriwa ndi amphamvu kuposa oyamba, chifukwa palibe angawatsutse. Ngati akuvomera kuti zonse n'zoona, mbali zonse zamveka, koma akufunabe ichoke, pemphani kuti nkhaniyo ipite kukomiti yonse, ndipo kumeneko fotokozani modekha, umboni uli m'manja.

Komiti ikagamula kuti ichoke, gulu lili ndi ufulu wosankha zotuluka m'dzina lake. Nanunso muli ndi ufulu pa dzina lanu. Mukhoza kuvomera ngati chotsalacho chikadali choona, kapena kuibweza nkhani yonse ngati kuchotsako kukuisandutsa bodza, monga nkhani yoyamikira chitukuko chimene inu mukudziwa kuti chinaima. Chimene sindingakulangizeni ndi kuvomera pamsonkhano kenako n'kukaitulutsa kwina mwamseri m'dzina la gulu lomwelo. Ngati mukufuna kupita nayo kwina, auzeni poyera, ndipo ipite m'dzina lanu lokha.

Ndemanga za anthu awiri zikatsutsana, wina akuti talikitsani wina akuti fupikitsani, musayese kukondweretsa onse. Pitani nazo kwa wa mawu omaliza uja.

Lembaninso

Ngati zosintha n'zambiri, musamate zigamba papepala lakale. Yambirani pepala latsopano, chifukwa mukasuntha ndime imodzi, zina zimasiya kulumikizana, ndipo mumapezeka mwatchula "bamboyo" musanamufotokoze kuti ndani. Mukamaliza werengani mokweza, makamaka pamaso pa munthu amene sakuidziwa nkhaniyo, kenako mumufunse kuti wamva chiyani. Pamene mwapunthwa lilime kapena mpweya wakutherani, chiganizocho n'chachitali. Ngati nkhaniyo ndi ya pawailesi, yesani ndi wotchi ya pafoni kuti ikukwana m'mphindi zimene mwapatsidwa, ndipo manambala aatali muwafupikitse ponena kuti "pafupifupi", chifukwa womvera sangabwerere m'mbuyo kuti amvenso.

Pobweza kwa mkonzi, lembani mwachidule zimene mwachita: ndime 2 ndakonza chaka, ndime 5 ndawonjezera yankho la msungichuma, ndime 7 ndasiya momwe inalili pa chifukwa chakuti. Mkonzi akaona kuti ndemanga iliyonse mwaiganizira, ngakhale imene simunaitsate, savuta kukumverani. Ndipo musalowetse mfundo zatsopano mwakachetechete poganiza kuti sawerenganso. Chilichonse chatsopano muchitchule.

Tsamba lomaliza

Pemphani kuona tsamba lisanapite kumakina, kapena kumva zojambulidwa zisanaulutsidwe. Zolakwa zambiri zimalowa pomalizira penipeni, polemba pakompyuta ndi poika mutu. Mutu nthawi zambiri amalemba ndi wina, ndipo akhoza kunena zoposa zimene nkhani yanena: m'kati mwalemba mosamala kuti mamembala akufunsa za buku, pamwamba wina n'kuika kuti "Msungichuma Waba Ndalama". Onani mutu, mawu a pansi pa chithunzi, mayina onse, manambala onse, ndi dzina lanu. Funsaninso ngati anthu a pachithunzi analola kujambulidwa, ndipo ngati ndi ana, ngati makolo awo akudziwa.

Nkhani ikatuluka n'kupezeka cholakwa, uzani mkonzi tsiku lomwelo, musadikire kuti wina adandaule. Gwirizanani mawu achidule okonza, onena chimene chinalakwika ndi choona chake, ndipo atuluke pamalo pomwe nkhaniyo inatulukira, kaya ndi pabolodi lomwelo, m'kalata yotsatira kapena m'pulogalamu yomweyo. Ngati cholakwacho chakhudza munthu, inu ndi wapampando mupite kwawo mukamuuze pamaso kukonzako kusanatuluke.